Kompyuta siphunzitsa yokha, pafunika mnzako pambali

Mwezi wathawu ndinali kwathu kwa Ndamera, kufupi ndi chipata cha Marka, ndipo zimene ndinaona n'zimene zandigwiritsa cholemberachi. Mwana wa achemwali anga, mtsikana amene anaphunzirako zolemba mapulogalamu a kompyuta ku Blantyre, madzulo alionse amakhala pakhonde ndi mnzake wa Fomu 3 n'kumamuphunzitsa chinenero cha kompyuta chotchedwa Python. Salipiritsa ngakhale tambala.

Tsiku lina pulogalamu inakana kuyenda. Wophunzira uja anatsala pang'ono kuzisiya, amvekere: "Izi n'za ana a m'tauni." Chinavuta n'chiyani? Anaiwala timadontho tiwiri kumapeto kwa mzere, basi! Mnzakeyo anangoloza ndi chala, n'kufotokoza m'Chisena, pulogalamu n'kuyenda. Akanakhala yekha, bwenzi luso limeneli litathera pomwepo.

Apa ndiye pagona nkhani yanga, Amalawi anzanga. Ife timakonda kuwerenga zipangizo n'kuiwala ophunzitsa. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litayambitsa sukulu yaulere ya pulaimale, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino zedi, koma aphunzitsi anaperewera mpaka boma linalemba anthu zikwizikwi osasulidwa mokwanira. Zotsatira zake tonse tikuzidziwa.

Kodi pa zamakompyutazi sitikuponda momwemo? Mu 2017 Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza madola 72.4 miliyoni a ntchito ya Digital Malawi. Mu 2023 boma linayamba kugawa matabuleti ndi sola m'masukulu a pulaimale pansi pa ndondomeko ya BEFIT, kuti ana aziphunzirira kuwerenga ndi masamu. A Rachel Sibande anatsegula mHub ku Lilongwe mu 2013, komwe ana ndi atsikana ambiri aphunzira kulemba mapulogalamu. Zonsezi n'zoyamikika. Koma kuchoka kwa Ndamera kukafika ku Lilongwe ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Nanga mwana wa msodzi wa ku Ndindi akakakamira pa mzere wachitatu, afunsa yani?

Tisanamizane, zaulerezi ziliponso wozilipira. Mwana wa achemwali angayo amatchajitsa laputopu ndi ndalama yake, bandulo ya intaneti amagulanso yekha. Tsiku limene adzapeze ntchito m'tauni, sukulu ya pakhondeyo yatsekedwa. Tsono akuluakulu asapezerepo danga lopinda manja ati achinyamata akuphunzitsana okha.

Maganizo anga ndi awa. Poyamba, sukulu zimene zili ndi sola zizilola achinyamata otere kutchaja ndi kuphunzitsirana m'kalasi ana akaweruka. Kachiwiri, bungwe la MACRA, lomwe limasunga thumba lofikitsa mauthenga kumidzi, liganizireko mabandulo a ophunzitsa anzawo. Kachitatu, aliyense amene anaphunzira mwaulere adziwe kuti ali ndi ngongole: aphunzitse mmodzi wa kwawo, mmodziyo adzaphunzitsenso wina. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Ife a m'chigwa cha Shire madzi anatiphunzitsa kanthu. Mu 2015, mu 2019, komanso ndi namondwe Freddy mu 2023, tinaona katundu akupita ndi madzi, makalasi n'kusanduka misasa ya othawa kusefukira. Kompyuta ikhoza kukokoloka, koma zimene mwana waika m'mutu mwa mnzake Shire sangazitenge. Tiyeni tiike ndalama pamenepo.