MALAWI: Chipatala chapafupi n'cholipira, chaulere chili kutali

LILONGWE - Chithandizo m'zipatala za boma m'Malawi n'chaulere, koma mayi woyembekezera wa kumudzi sapindula nacho ngati sangathe kufikako. M'madera ambiri chipatala chomwe angafikeko wapansi kapena pa njinga si cha boma, koma cha mishoni, ndipo kumeneko odwala amalipira.

Nkhaniyi inayamba kale. Amishonale ndiwo anatsogola kumanga zipatala m'midzi, pomwe boma la atsamunda linkayang'ana kwambiri m'matauni ndi m'malikulu a maboma. Zipatala za Nkhoma, Ekwendeni, Embangweni, Malamulo ndi St Luke's ku Malosa zili komwe mipingo inakhazikika. Mu 1966 zipatala zotere zinapanga bungwe limodzi, lomwe lero limatchedwa Christian Health Association of Malawi (CHAM), ndipo limapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dzikolo.

Sikuti mipingo imalipiritsa chifukwa cha dyera. Boma limapereka malipiro a ogwira ntchito ambiri a CHAM, koma mankhwala, mafuta a ambulansi, magetsi ndi kukonza nyumba zimadalira ndalama za odwala ndiponso mphatso za mipingo ya kunja. Komabe banja lomwe limagwira ndalama kamodzi pachaka, likagulitsa fodya kapena mtedza, limayamba ladikira kuti lione ngati wodwala apeze bwino yekha, ndipo limafika kuchipatala matenda atakula. Choipa kwambiri n'chakuti miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, ndiyonso miyezi ya malungo.

Kuyambira mu 2006 maofesi a zaumoyo m'maboma anayamba kusainirana mapangano ndi zipatala za CHAM, makamaka zomwe zili kutali ndi chipatala cha boma. Amayi oyembekezera ndi makanda amathandizidwa ulere, kenako chipatalacho chimatumiza bilu ku boma. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti m'zipatala zomwe zinalowa m'mapanganowa, amayi ochirira kuchipatala anachuluka ndi 11 peresenti. Choncho si mwambo kapena umbuli wokha, monga amanenera ena, zomwe zinkasunga amayi kwa azamba.

Koma mapanganowa amayenda pokhapokha boma likamalipira m'nthawi yake. Kangapo konse ngongole zakhala zikuunjikana kwa miyezi, ndipo zipatala zina zinaimitsa chithandizo chaulere mpaka ndalama zitabwera. Mayi yemwe anachira ulere chaka chatha amatha kupeza kuti chaka chino akufunika ndalama. Ndiponso bambo wodwala shuga, kapena gogo wothyoka mwendo, kawirikawiri sakhudzidwa ndi mapanganowa.

Zambia, komwe bungwe la Churches Health Association of Zambia (CHAZ) limayang'anira zipatala monga St Francis ku Katete, inatenga njira ina. Mu 2006 boma la Levy Mwanawasa linathetsa zolipira m'zipatala za m'maboma akumidzi, za mishoni zomwe. Kumenekonso zinaoneka kuti kuchotsa mtengo pakhomo sikudzaza mashelefu a mankhwala.

M'maiko onse awiri mbali yaikulu ya ntchito zolimbana ndi Edzi ndi malungo yakhala ikuyendera ndalama za kunja. Dziko la America litaimitsa chithandizo chake chambiri mu Januwale 2025, funso la amene adzalipire bilu ya wodwala wa kumudzi linabwerera kwa nduna za zachuma ku Lilongwe ndi ku Lusaka.