Pokhara: alendo akudza, nyanja ikukwiririka

Mzinda wa Pokhara, m'dziko la Nepal, uli m'mphepete mwa nyanja ya Phewa, m'tsinde mwa mapiri a Annapurna. Nsonga yaitali kwambiri ya mapiriwa ndi ya mamita 8,091. Sapitwa wathu wa ku Mulanje, wa mamita 3,002, safika ndi theka lomwe. Alendo okayenda pansi masiku angapo m'mapirimo amayamba agona ku Pokhara. Kumeneko amagula zovala zamphepo, amapangana ndi owatsogolera komanso owanyamulira katundu, ndipo pobwerako amapumira komweko, uku akusirira mapiri akuonekera m'madzi.

Chodandaulitsa n'chakuti nyanja yomwe imadyetsa mzindawu ikuchepa. Mvula ya kumeneko ndi yochuluka zedi, ndipo ikagwa, dothi lochokera m'minda ya m'mapiri, m'misewu yokumbidwa mothamanga ndi m'malo ogumuka limatsika ndi mtsinje wa Harpan n'kukakhazikika m'nyanjamo. Namasupuni naye, yemwe anthu a ku mtsinje wa Shire akumudziwa bwino, wapezako malo. Eni mahotela ena anamanga moyandikira madzi, mpaka mu 2018 khoti lalikulu la dzikolo linalamula kuti pasakhale nyumba m'kati mwa mamita 65 kuchokera pagombe.

Chigamulocho n'chabwino, koma khoti silingauze dothi kuti lisatsike phiri. Amene angaligwire ndi mlimi wa kumtunda, pobzala mitengo ndi udzu komanso pokonza migula. Vuto n'lakuti ntchito yotopetsayo akaigwira iye, phindu limagwera mwini hotela kugombe.

Njira yake anthu a ku Nepal sakuyenera kukaifuna kutali. Mu 1986, m'mudzi wa Ghandruk, munayamba ntchito yoteteza chilengedwe cha dera la Annapurna. Mlendo aliyense wolowa m'derali amalipira chiphaso, ndipo ndalamazo zakhala zikuthandiza midzi ya komweko: nazale za mitengo, milatho, madzi akumwa, ndi mafuta a palafini kuti malo ogona alendo asamalize nkhalango pophika ndi pofunditsa madzi osamba. Makomiti a m'midzi, pamodzi ndi magulu a amayi, ali ndi mawu pa kagwiritsidwe ntchito kake.

Ine ndikuona kuti eni mahotela ndi mabwato a pa Phewa ayenera kuchita chimodzimodzi: pa ndalama imene mlendo walipira pa usiku umodzi, kagawo kena kazikwera ndi mtsinje wa Harpan kukafika kwa okonza migula, ndipo alimiwo akhalepo pogwirizana za mtengo wake.