Chotsani kobiri pa mkono wa turntable

Anyamata, mukuononga ma record a Paul Ngozi ndi WITCH amene makolo anasunga kuyambira m'ma 1970. Nsingano ikayamba kulumpha, mumaika kobiri pamwamba. Nsingano yakutha ikalemedwa imakumba mizere, ndipo mawu akachoka sabwerera.

Manje ena akuti gulani moving coil. Ya chani? Ndi yodula, ifuna preamp yoigwirizana, ndipo nsingano ikatha simungachinje nokha.

Gulani moving magnet monga Audio-Technica AT-VM95E, muike kulemera pa magalamu 2. Ndalama zikapezeka mudzachinja nsingano chabe, kuika AT-VMN95ML pa cartridge yomweyo. Zotsala gulani burashi yopukutira fumbi.

Cartridge ina mudzaipeza m'sitolo. Record ya Amanaz ya 1975 mukaikwalula, mudzaipeza kuti?