Yang'anani kumbuyo kwa sikirini musanapereke ndalama

Masiku ano m'misika ngati wa Chitakale ndi Limbuli, m'boma la Mulanje, si zachilendo kuona mamonita a kompyuta ogwirapo kale ntchito ali pamalonda pambali pa mawailesi akanema. Mtengo wake umaoneka wabwinoko, choncho makolo ambiri amakopeka poganiza kuti apha ludzu la ana lofuna magemu komanso banja lipeza poonera mafilimu.

Maganizowo ndi abwino, koma safunsa adadya phula. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama ya wothyola tiyi kapena mlimi wa zinanazi si yotayira chinthu chokakhala chokongoletsa pabalaza.

Choyamba, tembenuzani monitayo muone mabowo akumbuyo. Mamonita ambiri akale ali ndi bowo la VGA lokha, lija la timaenje 15. Bowo limeneli limadutsitsa chithunzi basi, mawu ayi. Pamene PlayStation 4, yomwe idatuluka mu 2013, ndi PlayStation 5 ya mu 2020 zimafuna bowo la HDMI, lomwe limanyamula chithunzi ndi mawu omwe. Nayo PlayStation 2 imagwiritsa ntchito mawaya atatu aja, wachikasu, wofiira ndi woyera, omwe mamonita ambiri salandira. Tizipangizo tosinthira tilipo, koma ndi ndalama inanso.

Chachiwiri, monita si wailesi yakanema. Yambiri ilibe masipika ngakhale rimoti, ndipo idapangidwira munthu mmodzi wokhala pafupi. Ina mukaionera cham'mbali, chithunzi chimazilala. Ngati cholinga n'choti anthu asanu ndi mmodzi azionera filimu kapena mpira ali pamkeka, wailesi yakanema ndiyo yoyenera.

Komabe monita ili ndi pake. Ya mainchesi 22 kapena 24 siidya magetsi ambiri poyerekeza ndi mawailesi akanema achimbuyo aja, zomwe n'zofunika kwa odalira sola ndi batire. Kwa wamagemu wokhala pafupi, chithunzi cha 1080p n'chokwanira. Palibe chifukwa chongongolera ndalama pofuna 4K.

Chachitatu, musalipire musanayese. Pitani ndi gemu yanu kapena dikoda, mulumikize pomwepo. Onani ngati pagalasi palibe mizere kapena timadontho tosasintha mtundu. Funsani lisiti, ndipo mugwirizane za kubweza ikavuta. Wamalonda wokana kuyatsa katundu wake wakuuzani kale zoona.

Pomaliza, tikukumbutsa makolo kuti kugula n'kosavuta kusiyana ndi kuyang'anira. Tidadandaula kwa zaka zambiri za ana ojomba kusukulu chifukwa cha nyumba zoonetsera mavidiyo. Tisalole kuti vuto lomwelo tilowetse tokha m'nyumba. Sikiriniyo ikhale pabalaza, osati kuchipinda kwa mwana, ndipo iziyaka ntchito yakusukulu ikatha.