Za Kuphunzitsa Antchito pa Kompyuta

M'chipululu cha kumadzulo kwa dziko la Australia, kumene midzi imatalikirana koopsa, munakulira mnyamata wina dzina lake Martin Dougiamas, amene, popeza sukulu inali kutali ndi kwawo, ankaphunzira khutu lili pa wailesi, mphunzitsi wake akuyankhula kuchokera ku Kalgoorlie, ndipo mapepala a maphunziro akumufika pa ndege. Mnyamatayo atakula, nazama m'nzeru za kompyuta ku yunivesite ya Curtin mumzinda wa Perth, anapanga pulogalamu yotchedwa Moodle, naitulutsa m'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2002, napatsa munthu aliyense ufulu woitenga ndi kuikonza monga afunira, wopanda kulipira kanthu.

Moodle ili ndi anzake ambiri, monga Blackboard imene inayamba ku America mu 1997, ndipo onsewa eni ntchitoyi amawatcha mwachidule LMS. Ngakhale pulogalamu zambiri za mtunduwu zinabadwira m'masukulu, lero zakhazikika m'makampani, ndipo kagwiridwe kake nkotere: wantchito amapatsidwa dzina lolowera ndi mawu achinsinsi, ndipo akatsegula foni kapena kompyuta amapeza maphunziro amene akuluakulu ake amuikira, ena olembedwa, ena a kanema, akamaliza amayankha mafunso, makina namuchongera nthawi yomweyo, ndipo akazengereza amamutumizira uthenga womukumbutsa, kufikira tsiku limene dzina lake lidzalembedwa m'kaundula wa omaliza.

Ndikadakhala wosayamika ndikadapanda kuvomereza ubwino wake, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Taganizirani banki imene ili ndi nthambi kuyambira ku Karonga kufikira ku Nsanje, imene lamulo la Financial Crimes Act la 2017 likuikakamiza kuti antchito ake azizindikira ndalama zobwera m'njira zachinyengo. Kale kunali kuitana anthu pang'onopang'ono ku Blantyre kapena kunyanja, kuwalipirira ulendo, malo ogona ndi chakudya, ndipo wa ku nthambi yakutali ankatha zaka asanaitanidwe. Lero phunziro lomwelo, m'mawu omwewo, limafika kwa onse sabata imodzi. Ndipo m'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unaletsa anthu kusonkhana, njira imeneyi ndiyo inasunga maphunziro m'malo ambiri a ntchito.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chandisowetsa mtendere, ndipo ndicho chandibweretsa pamaso panu. Kuti phunziro lopangidwa ndi kampani ina ligwire ntchito m'pulogalamu ya kampani inanso, unduna wa zachitetezo wa dziko la America unatsogolera kukhazikitsa muyeso wotchedwa SCORM, umene unatuluka koyamba mu 2000. Ndipo mukafunsa kuti kodi phunziro lotere limauza chiyani mkulu wa ntchito za munthu amene waliphunzira, mudzapeza kuti kwenikweni limanena zitatu: ngati walimaliza, malikisi amene wapeza, ndi nthawi imene wakhalapo. Zitatuzi nzoona, koma nzochepa. Kale mu 1959, Donald Kirkpatrick wa ku America anaphunzitsa kuti maphunziro a antchito ayenera kuyesedwa pa masitepe anayi: ngati ophunzira anakondwera nawo, ngati anatolapo nzeru, ngati kagwiridwe kawo ka ntchito kanasintha atabwerera, ndiponso ngati kampani inaona chipatso. Makina amaona bwino masitepe awiri oyambawo, pakuti amawerengeka. Koma lachitatu limachitikira pa kauntala, m'fakitale ndi m'munda, kumene kulibe diso lina loona koma la munthu, ndipo popanda lachitatu, lachinayi silingabwere.

Tsono ngozi yake ndi iyi, kuti mkulu wa ntchito, ataona pa kompyuta yake kuti antchito onse amaliza, mtima wake umakhala pansi, nayesa kuti nkhokwe yadzaza, pamene chimene wawerenga ndi makoko okha. Ine ndinaona ndi maso anga, mu ofesi ina imene sindiitchula, mnyamata mmodzi wochenjera pa kompyuta akuyankhira anzake asanu mafunso a phunziro la chitetezo cha pa ntchito, wina pambuyo pa mnzake, iwo ataimirira kumbuyo kwake akucheza. Ndipo sindinawaweruze, pakuti anauzidwa kuti amalize lisanafike Lachisanu, ndipo palibe anawauza kuti adzafunsidwa kuonetsa chimene aphunzira. Onse analandira masatifiketi. Koma tsiku limene moto udzabuka m'nyumba imeneyo, satifiketi sidzachotsa chozimitsira moto pakhoma, ndipo munthu amene sanachigwirepo m'manja adzaima nacho monga mwana wopatsidwa khasu la atate wake.

Makolo athu, amene analibe kaundula, ankadziwa kuti mwana wa wosula amaphunzira atagwira mvukuto, ndi kuti woumba mbiya amadziwa dothi lokhwima ndi zala zake. Ndipo m'makampani athu akadalimo anthu otere, akapitawo a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, amisiri a m'mafakitale a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, amene amazindikira ndi khutu lokha kuti makina adwala asanaime. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ndikuopa kuti kampani imene yagula pulogalamu idzayesa kuti tsopano nkosafunikanso kupatsa mmisiri wokalamba nthawi yoyenda ndi wachinyamata, ndipo adzapuma pa ntchito napita kumudzi ndi nzeru zake zonse, pamene pulogalamu yomweyo ikadatha kusunga mawu ake ndi kanema wa manja ake, akadapezeka womupempha mwaulemu kuti ajambulidwe. Pakuti ngakhale Dougiamas uja sanaphunzitsidwe ndi wailesi. Anaphunzitsidwa ndi munthu amene ankamuyankha pa wailesiyo, nawerenga mapepala ake.

Ndinenenso za mtengo wake, ndi amene amausenza. Pamene wantchito auzidwa kuti aphunzire madzulo ataweruka, pa foni yake, ndi bandulo yogula ndi ndalama zake, magetsi atazima, ana akulira, ndiye kuti tabwerera ku masiku a Farao, amene anafuna njerwa zomwezo atamana anthu udzu. Maphunziro amene kampani yalamula ndi ntchito, ndipo ayenera kuchitika m'maola a ntchito, pa intaneti ya kampani. Ndiponso pulogalamu ya Moodle ya pa foni imalola munthu kukopera phunziro ali pamene pali netiweki, nakaliwerenga kumene kulibe, kotero kuti chowiringula nchochepa. Olemba anthu ntchito m'dziko muno amapereka kale msonkho wa 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999 kuti litukule luso la ntchito, ndipo amene avomera kusenza mtolo umenewo sayenera kutula kamtolo ka bandulo pa mutu wa mlonda ndi wosesa.

Chimodzimodzinso chiyankhulo. Maphunziro ambiri amagulidwa opangidwa kale kunja, m'Chingerezi cha anthu a kutali, ndi zitsanzo za misewu ndi malamulo a kwawo. Ndipo woyendetsa thirakitala amene amadziwa ntchito yake kuposa womuyesayo amalephera mayeso chifukwa cha mawu, osati chifukwa cha umbuli. Pempho langa kwa eni makampani ndi lakuti maphunziro okhudza moyo ndi chitetezo cha munthu ajambulidwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'ziyankhulo zina za antchito awo, ndi kuti dzina la munthu lisalembedwe m'kaundula wa omaliza kufikira kapitawo wake atamuimirira pambali, namuona akuchita chinthucho ndi manja ake, nasainira.