Mikanda si mlandu

Mwana wanga, iwe amene unabwera madzulo aja n'kumanong'ona kuti amuna ako thupi silitentha ukapanda kuvala mikanda m'chiuno, ndipo mnzako wa kutchalitchi wakuuza kuti zimenezo ndi ziwanda, khala pansi timvane.

Mikanda sinayambe ndi iwe. Agogo athu ankaimanga m'chiuno tsiku lolowa m'banja lisanafike, ndipo anankungwi ankaphunzitsa ntchito yake popanda manyazi. Lero mtsikana wa ku Mzuzu akaimva ikulira mkati mwa chitenje cha mnzake amaseka, amati ndi zachimidzi, pomwe iye wagula kabudula wamkati wa zingwezingwe kuti akondweretse wake. Anyani sasekana zikundu. Wina mtima umamudumpha ndi mikanda, wina ndi fungo la mafuta, wina ndi mphini za pamimba, ndipo ukafunsa chifukwa chake, mwini wakeyo sangakuyankhe.

Kuno ku Bolero, kwa a Chikulamayembe, taona muyeso wa zoyenera ndi zosayenera ukusuntha ngati mthunzi. Kale mwamuna wa mitala ankalemekezedwa pabwalo. Atakhazikika amishoni a Livingstonia ku Khondowe mu 1894, mwamuna yemweyo anayamba kukanizidwa ubatizo mpaka atasiya akazi enawo, koma ana awo sanaleke kumva njala chifukwa choti bambo wabatizidwa. Chokolo chinali chifundo kwa mkazi wamasiye. Edzi itabwera tinayamba kuwerenga manda. Ku Nsanje, Eric Aniva ankalipidwa pa ntchito ya ufisi, mudzi ukuti ndi mwambo, koma mu 2016 khoti linamulamula kukakhala kundende zaka ziwiri. Ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti wosakwana zaka 18 ndi mwana, sakwatiwa. Zinthu zimenezi anthu ankazichita masana, ng'oma zikulira, palibe ankazitcha zachilendo. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere.

Tsono ine, ndi imvi zangazi, sindifunsanso kuti chinthucho n'chachilendo kapena ayi. Ndimafunsa kuti: nonse ndinu akuluakulu? Wavomera ndi mtima wako, kapena ukuopa kuti akakwatira wina? Ukati lero ayi, amamva? Pali amene akutuluka magazi kapena misozi? Ndinakufunsa zimenezi usiku uja, iwe n'kuseka uku utaphimba kukamwa ndi chitenje. Kuseka kumeneko ndinakumva.

Chimodzi chokha ndikuchenjeze. Ukaona kuti akuisisita mikandayo osakuyang'ananso kumaso, uwauze pamphasa pomwepo, chifukwa anakwatira iwe, osati ulusi. Akadzafuna chimene chikukupweteka, kapena kukujambula pa foni uli maliseche iwe usakufuna, usadzati za m'nyumba saulula. Udzabwere kuno, tidzaitane ankhoswe, zikakanika tidzapite ku polisi.

Pakali pano ulusi uja wati wayamba kutha. Bweretsa mawa ndikutungire wina, ndili ndi mikanda yofiira ndi yoyera m'kachitini.