Mwana akati "bwerezaninso", musatope naye

Kunyumba kwanga ku Insaca kuli kabuku kamodzi kamene kagwira ntchito kuposa khasu la kudimba. Chikuto chinachoka kalekale, masamba ena tinachita kumata ndi phala la chinangwa, koma mwana wanga wamkazi wa zaka 4 sagona tisanakatsegule. Anabwera nako ndi amalume ake pochokera ku Malawi kudzera pa Nayuchi ndi Entre-Lagos. Kali ndi zithunzi za mphaka wakuba, ndipo mizere yake imathera mofanana ngati nyimbo. Ine ndikamayandikira mawu omaliza a mzere ndimaima dala, iye n'kuwafuula yekha. Tikafika kumapeto amabwerera patsamba loyamba nati, "Ababa, bwerezaninso."

Tsiku lina apongozi anga ali pamkeka anauza mayi a mwanayu mokweza kuti nane ndimve: "Auzeni bambowa asadzivute. Mwanayu sakuwerenga ayi, wangoloweza ngati chinkhwe." Mawu amenewa ndawamva kwa makolo ambiri kuno ku Mecanhelas, ndipo ndi amene andichititsa kulemba lero.

Apongozi sananame, mwanayo walowezadi. Pamene ndikusiyana nawo ndi pakuti iwo akuyesa kulowezako n'kutaya nthawi, pamene ine ndikuti kuwerenga kumayambira pomwepo.

Tamverani bwino, abale. Mwana akamva kambirimbiri mawu monga mphaka, mkaka ndi chaka, khutu lake limayamba kuzindikira kuti onsewa akuthera ndi "ka". Tsiku limene aphunzitsi adzalembe "ka" pabolodi, iye adzaona chinthu chimene khutu lake likuchidziwa kale. Komanso poyang'ana chala chanu chikuyenda pamzere, amaphunzira kagwiridwe ka buku, kuti timayambira kumanzere kupita kumanja, ndiponso kuti tizilembo takudato timanena mawu omwewo dzulo, lero ndi mawa. Zimenezi sangazione pa kuwerenga kamodzi. Ndi chifukwa chake amapempha buku lomwelo, ndipo akudziwa chimene akuchita.

Pamene ndinkaphunzira ntchito ya pawailesi anatiuza kuti mfundo yofunika uinene, uibwereze, pakuti womvera sangabwerere m'mbuyo. Ngati wamkulu amafuna kubwerezeredwa, nanji mwana? Ngakhale agogo athu ankadziwa zimenezi. Ponena nthano madzulo, ana tinkavomera kuti "tili tonse", ndipo kanyimbo ka m'kati mwa nthanoyo kankabwera katatu kapena kanayi mpaka tonse titakagwira. Palibe amene ankatitcha zinkhwe.

Nkhaniyi si yamasewera ayi. Mu 2016 boma litayesa ana a kalasi yachitatu m'dziko muno, linapeza kuti ana pafupifupi 5 okha mwa 100 aliwonse ndiwo ankatha kuwerenga monga kuyenera pa kalasiyo. Kalembera wa 2017 anasonyeza kuti anthu amene Chipwitikizi ndi chilankhulo chawo choyamwira sakwana 20 mwa 100. Kuno kwathu mwana amakula ndi Chinyanja, Chimakuwa, Chilomwe kapena Chiyao, ndiye akalowa m'kalasi mophunzitsidwa m'Chipwitikizi amasenza mitolo iwiri nthawi imodzi: chilankhulo chachilendo ndi zilembo zachilendo. Mwana amene anazolowera buku pakhomo, m'chilankhulo cha amayi ake, amafika atatula kale theka la katunduyo.

Boma nalo linaona zimenezi. Kuyambira 1993 mpaka 1997 linayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba kufalikira m'zigawo. Bungwe la Progresso lakhala likusindikiza mabuku m'zilankhulo za kuno ku Niassa. Zonsezi n'zabwino, koma mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza kalasi sangamuike mwana wanu pamiyendo n'kumuwerengera kabuku kamodzi masiku makumi atatu. Ntchito imeneyo ndi yanu ndi ine.

Wina anena kuti, "Ine sukulu sindinapite, ndiwerenga bwanji?" Palibe chochititsa manyazi. Nkhondo ya zaka 16 imene inatha mu 1992 inatseka sukulu zambiri, ndipo makolo athu ochuluka anakulira pothawa. Itanani mwana wa kalasi yachisanu, wanu kapena wa a neba, awerenge mokweza, inu mukhale pomwepo, muloze zithunzi, mufunse kuti, "Kodi mphakayu wabisala pati?" Pakatha sabata mudzapeza kuti nanunso mwaloweza, ndipo mudzatha kutsogolera.

Wina ati, "Nthawi ndilibe." Ndikudziwa kuti wochokera kumunda wa mpunga kapena kokoka makoka ku Chiuta amafika atatheratu. Koma kabuku ka ana katha msanga kuposa nthawi imene madzi a nsima amatenga kuti awire. Ngati nyali palibe, werengani pakhonde dzuwa lisanalowe.

Vuto lenileni ndi lakuti mabuku otere ndi osowa. M'misika mwathu mupeza sopo, zitenje ndi mabatire, koma kabuku ka zithunzi ka m'Chinyanja muchita kukafuna kutali. Pamene tikudikira, tisakhale manja lende. Tengani katoni, muidule masamba asanu ndi limodzi, musoke ndi ulusi wa thumba. Agogo anene nthano yaifupi ya kanyimbo, mwana wa sukulu alembe mzere umodzi patsamba lililonse ndi zilembo zazikulu, wina ajambule. Limenelo ndi buku, ndipo mwana adzalikonda kwambiri chifukwa muli mawu a agogo ake. Amene muli ndi kabuku kale, bwerekanani ngati mmene timabwerekerana mtondo.

Kwa akuluakulu a zamaphunziro m'boma lino pempho langa ndi lakuti mabuku a nthano akafika pasukulu asamakhale m'bokosi poopa kung'ambika. Aloleni ana apite nawo kunyumba. Buku long'ambika chifukwa chowerengedwa lagwira ntchito yake, koma lodyedwa ndi chiswe lapita pachabe. Anzanga a wailesi ya Mira-Lagos, tipatseniko mphindi khumi madzulo zowerengera ana, ndipo musaope kubwereza nthano imodzi sabata yonse.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Sabata yatha mwana uja anaona thumba la mkaka wa ufa pagolosale, naloza zilembo ziwiri zomalizira, nati, "Ababa, uyu ndi ka wa mphaka." Titafika kunyumba mayi ake anawafotokozera apongozi. Iwo sanayankhe kanthu, koma madzulo ake anasendeza mkeka wawo pafupi ndi ife.